Nyumba Iriyonse ndi Tsache Lake

M'mizinda ndi m'midzi ya dziko lino, nchito yoyamba ya tsiku ndiyo kusesa. Nkhuku zisanatuluke m'khola, tsache limakhala litayamba kale kulira pabwalo, kaya ndi ku Matero mu Lusaka, ku Kapata mu Chipata kapena m'midzi ya ku Petauke. Mwana wamkazi amadziwa kugwira tsache asanadziwe kugwira pensulo, ndipo alangizi salola namwali kulowa m'banja asanamuuze za ukhondo wa pakhomo.

Komabe nyumba zambiri zimene zimasesedwa tsiku ndi tsiku ziri zothina ndi zotopetsa eni ake. Pabwalo pali mbee, koma pansi pa bedi pali masaka a nsanza, nsapato zopanda zinzake ndi wailesi imene inaleka kale kulankhula. Pamwamba pa kabati pali mapoto obooka amene ayembekeza wokonza kwa zaka. Mai wa panyumba amawerama kuyambira m'bandakuca kufikira madzulo, koma akamva kuti kukubwera alendo mtima umagunda, ndipo katundu yense amakankhidwira m'cipinda cimodzi ndi kutsekeredwa.

Kawirikawiri cimene cimalakwika si ulesi ai. Mabanja ambiri amatsata dongosolo lobwereka: kwa apongozi amene anali ndi ana aakazi asanu owathandiza, kwa mnansi wa ku mayadi amene ali ndi wanchito ndi mpope m'nyumba, kapena pa zithunzi za pa foni zoonetsa nyumba za maiko ena. Dongosolo lotere limayenda sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka limagwa, ndipo mwini wake amadziona ngati wolephera. Lokhalitsa ndi limene lakonzedwa poyamba mwayeza nyumbayo, monga mmene telala amayezera munthu asanadule nsalu.

Cimene cimabisala m'katundu

Ena amayesa nkhani ya kusamala m'nyumba ndi yaing'ono, yongofuna kukondweretsa maso. Azaumoyo amaiona mwina. Nchenche ikaikira mazira pa zotsala za cakudya kapena pa dzala, m'nyengo yotentha mazirawo amasanduka nchenche zouluka m'masiku 7 kufikira 10. Udzudzu naonso umafuna masiku onga omwewo m'madzi oima. Wa malungo umakonda zithaphwi ndi maenje otsala poumba njerwa, pamene mitundu ina imaswana m'zitini, m'matayala akale ndi m'migolo yosabvundikira. Cotero khomo limene limacotsa zinyalala ndi kutaya madzi oima kamodzi pa sabata limadula mbadwo wa tizirombo timeneti tisanauluke, koma limene limadikira kutha kwa mwezi limakhala litalera mibadwo itatu kapena inai. M'kati mwa nyumba, milu ya zobvala, makatoni ndi mapepala ndiwo mudzi wa mphemvu, nsikidzi ndi makoswe, ndiponso ndizo nkhuni za moto tsiku limene kandulo yagwa magetsi atazima.

Anthu a mu Lusaka sanaiwale kolera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unagwira anthu oposa 5,000 mu mzindawu. Umene unayamba mu Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700, kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024 m'malo mwa Januwale. Tsache lokha silingagonjetse kolera, pakuti muzu wake uli m'zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi ndi m'kusowa kwa mipope ndi ngalande, ndipo izo ndi nchito za Boma ndi makhonsolo. Koma banja nalo liri ndi mbali yake: cigubu cotsuka ndi cotseka, madzi akumwa owiritsa kapena othira klorini, cimbudzi cobvundikira pakamwa, ndi sopo pamalo osambira m'manja. Dongosolo liri lonse la panyumba liyenera kuyambira pa zimenezi, ndipo polishi wa pansi abwere pambuyo.

Zinthu zinai zoyenera kuyeza

Coyamba ndico madzi. Banja la ku Kanyama kapena ku Chawama limene limagula madzi pa mpope wa onse m'zigubu za malita 20 silingakolope nyumba yonse kawiri pa tsiku monga banja la ku Kabulonga. Pamene madzi ali ogula kapena otunga kutali, tsiku locapa likhalenso tsiku lokolopa: madzi otsukuluzira zobvala akolopere pansi, ndipo otsala atsukire cimbudzi. Pamene madzi amatuluka m'mipope usiku wokha, nchito za madzi ziikidwe m'mawa kwambiri. Magetsi naonso amalamula. M'caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinali kukhala mbali yaikulu ya tsiku popanda magetsi, mabanja anaphunzira kusita pa ola liri lonse limene magetsi abwera, ngakhale pakati pa usiku.

Caciwiri ndiyo nthawi. Mai wogulitsa ndiwo pa msika wa Soweto amacoka panyumba kusanace, tsono nchito zake za m'nyumba ziyenera kukhala za madzulo, kuti m'mawa angotseka citseko. Namwino kapena mlonda wogwira nchito usiku ali ndi masana ocepa, ndipo ayenera kugonako. Mlimi ali ndi nthawi yambiri m'cirimwe koma alibe mpata nthawi yobzala ndi yopalira. Pali anthu amene amakonda kucita pang'ono tsiku liri lonse, ndipo pali ena amene amakonda kupatula tsiku limodzi la thukuta. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, malinga mbale, cimbudzi ndi zinyalala zisalinde tsiku lalikululo.

Cacitatu ndiwo manja. Nyumba ya anthu asanu ndi atatu imada msanga, koma iri ndi manja khumi ndi asanu ndi limodzi. Nkhalamba yokhala yokha, kapena munthu wodwala msana, ayenera kucepetsa katundu kufikira pamene mphamvu zake zingathe, ndi kuika zinthu zofunika tsiku ndi tsiku pamalo osafuna kuwerama kapena kukwera pampando.

Cacinai ndiwo malo. M'nyumba ya lendi ya cipinda cimodzi, mmene ciri cogona, cophikira ndi coceza, cinthu cimodzi cikasiyidwa pansi nyumba yonse imaoneka yosokonezeka. M'menemo misomali ya pakhoma, cingwe copacikapo zobvala ndi cithandala ca mbale zimagwira nchito koposa mipando yambiri. Pansi pa simenti yofiira pamafuna polishi, pansi pa matailosi pamafuna cikolopa, ndipo pansi pa dothi pamafuna kuwaza madzi posesa ndi kuzira ndi mtsiro nthawi ndi nthawi.

Za tsiku, za sabata ndi za mwezi

Nchito za tsiku ndi tsiku zikhale zocepa kuti zitheke ngakhale tsiku la kutopa: kutsuka mbale ndi mapoto, kutsuka cimbudzi ndi mosambira, kutulutsa zinyalala, kupinda zogonera ndi neti, ndi kusesa. Nzeru yake ndiyo kumangirira nchito iriyonse ku cinthu cimene cimacitika kale, m'malo modalira wochi. Madzi osamba ali pa mbaula, munthu asese. Nsima ikatha, mbale zitsukidwe anthu asanakhale pansi kuceza, pakuti mbale zogona ndizo phwando la mphemvu ndi makoswe. Wopita kukatunga madzi atengeretu zinyalala. Nchito yomangidwa motere siiwalika, cifukwa cimene cimaikumbutsa cimabwera cokha.

Nchito za sabata ndizo kucapa, kusintha nsalu za pabedi, kupukuta fumbi, kutsuka zigubu za madzi m'kati, kusuntha mipando ndi kuzungulira nyumba kufunafuna madzi oima. Amene sakonda tsiku lolemetsa angazigawe, cipinda cimodzi tsiku limodzi. Poyeretsa, munthu ayambe kumwamba, kucotsa akangaude ndi fumbi la pa makabati, ndi kutsiriza pansi, kuopa kusesa kawiri. Nsanza yonyowa imagwira fumbi, youma imangoliulutsa. Nsalu yopukutira ku cimbudzi isalowe m'khichini, ndipo kuti ana asasokoneze, ikhale ya mtundu wina. Mankhwala oyeretsera a klorini monga Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira cimbudzi, pakuti amatulutsa mpweya woocha m'mapapo. Zocapa ziyanikidwe pa cingwe padzuwa. Pali nchenche ina imene imaikira mazira pa zobvala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu, makamaka la ana. Simbi yotentha imapha mazirawo.

Za mwezi nazo ziri ndi tsiku lake lopezeka kale. Mu 2007 malemu Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa nchito ya kuyeretsa dziko, ndipo mu 2018 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Edgar Lungu, anaidzutsanso pa dzina lakuti Keep Zambia Clean, Green and Healthy, napatula Ciweru cotsiriza ca mwezi kukhala tsiku loyeretsa. Banja lingatenge tsiku lomwelo kukhala lake: kutsuka mazenera, kusuntha bedi ndi kabati, kulambula kuseri kwa nyumba ndi kutsegula ngalande ya pakhomo pamodzi ndi anansi.

Katundu amene sagwira nchito

Kusesa kumakhala kopepuka pamene pansi pali poyera. Mbali yaikulu ya kutopa kwa amai imacokera ku kunyamula, kupukuta ndi kubwezera zinthu zimene palibe amene amazigwiritsa nchito. Komatu kusunga kuli ndi mbiri yake. Amene anakhala ndi moyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'zaka za m'ma 1980 akumbukira mizere ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Iwo anaphunzira kuti citini, botolo ndi cidutswa ca nsalu ndi cuma, ndipo anali kunena zoona. Cimene cinasintha ndi khomo lolowera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 salaula inacepetsa mtengo wa zobvala, ziwiya za pulasitiki zinadzaza misika, ndipo mkwatibwi amabwera kucokera ku phwando la ziwiya ndi mbale zokwana mabanja atatu. Katundu amalowa mofulumira, koma cizolowezi ca kusataya cidakali ca masiku a njala.

Bvuto limeneli liri ndi maiko ambiri, ndipo kwina lalembedwera mabuku. Wochuka pa onse ndi Marie Kondo wa ku Japan, amene buku lake linatuluka mu 2011. Iye analangiza kusonkhanitsa zinthu za mtundu umodzi pa mulu umodzi, kuyambira zobvala ndi kutsirizira zinthu za cikumbutso, ndi kusunga zokhazo zimene zimakondweretsa mtima. Mbali yoyamba ya malangizowo ndi yothandiza kuli konse, pakuti munthu sadziwa kuti ali ndi zitenje makumi atatu kufikira ataziona pamodzi. Mbali yaciwiri siikwana bwino m'nyumba mmene poto amasungidwa cifukwa amaphika, kaya akondweretse mtima kaya ai. Ndiponso mu 2023 mai yemweyo anabvomera poyera kuti atabala mwana wacitatu analeka kulimbikira kuti nyumba yake ikhale yaudongo nthawi zonse. Ngati mphunzitsi mwini anasintha njira yake moyo utasintha, wophunzira asacite manyazi kusintha yake.

Funso loyenera nyumba za kuno ndi lakuti: kodi cinthu ici cagwira nchito m'dzinja lapitali, m'nyengo yozizira kapena m'cirimwe? Ngati caka conse cazungulira osacikhudza, mwina nyumbayo siicifuna. Posankha pakhale milu inai: zosunga, zokonza, zopatsa kapena zogulitsa, ndi zotaya. Mulu wa zokonza ndiwo wonyenga koposa, cifukwa cake upatsidwe malire. Wailesi kapena nsapato imene siinapite kwa wokonza pofika kutha kwa mwezi isamukire ku mulu wina. Zopatsa zituluke sabata yomweyo, pakuti thumba likagona pakhomo masiku ambiri limamasulidwanso. Acibale a kumudzi ndi a ku chalichi apatsidwe zobvala zocapa ndi zolimba. Nsanza zikhale zokolopera. Zitsulo ndi mabotolo a pulasitiki ziri ndi ozigula m'mizinda. Masamba ndi makoko zipite ku dzenje la manyowa. Pulasitiki akaochedwa amatulutsa utsi woipa, ndipo akatayidwa m'ngalande amabweza madzi a mvula m'nyumba za anthu.

Zinthu zina ziyenera kucoka msanga koposa zonse. Mankhwala otsala ndi otha masiku aperekedwe kwa azaumoyo, amene adziwa kataidwe kake. Palafini, mankhwala a makoswe ndi a m'dimba asasungidwe m'mabotolo a zakumwa, pakuti mwana waludzu sawerenga, ndipo akhale pamwamba kapena mokiya.

Zina siziyenera kutayidwa konse. Zitupa, makhadi a ku sikelo, masatifiketi a sukulu, mapepala a nyumba kapena a munda ndi malisiti a lendi zikhale pamodzi m'thumba la pulasitiki, m'citini cotseka, pamalo okwera amene akulu onse a m'nyumba awadziwa. M'makomboni mmene madzi amalowa m'nyumba m'dzinja, citini cimeneci cingapulumutse banja ku maulendo ambiri a ku maofesi. Katundu wa munthu womwalira naye si wa mwini nyumba yekha. Asakhudzidwe kufikira acibale atakhala pansi ndi kugawa monga mwa mwambo ndi lamulo. Comwecho zinthu za mwamuna, za mkazi kapena za mwana wamkulu zisatayidwe mwini wake kulibe. Ndeu zambiri za tsiku loyeretsa zimayambira pa sipanala kapena kope limene lapita ku dzala mwini wake osadziwa. Wofuna kusintha nyumba ayambe ndi katundu wake, ndipo ena adzatsatira poona malo amene apezeka.

Kalendala ya nyengo

Nchito zazikulu za caka ziyenda bwino zikatsata nyengo. M'masika, cimanga catsopano cisanalowe, nkhokwe kapena cipinda cosungiramo cisesedwe, ming'alu imatidwe, ndipo masaka akale acapidwe ndi kuyanikidwa, pakuti anankafumbwe otsala m'njere za caka catha ndiwo amayamba kudya zokolola zatsopano. Mu Ogasiti mphepo imabweretsa fumbi, ndipo kucapa makatani nthawi imeneyo ndiko kutaya sopo. Ndi bwino kulinda mphepo ileke. Kuzizira kukatha, mabulangeti ndi majuzi acapidwe ndi kusungidwa ataumitsitsa.

Dzuwa la Sepitembala ndi Okutobala ndiye wanchito wosalipidwa. Matiresi, mphasa ndi mapilo zitulutsidwe padzuwa, ndipo mabedi ayang'anidwe m'mfundo zake mmene nsikidzi zimabisala. M'madera mmene azaumoyo amapopera mankhwala a udzudzu m'makoma mvula isanayambe, eni nyumba amapemphedwa kutulutsa katundu panja. Tsiku limenelo ndi mwai waukulu, pakuti zonse ziri poyera ndipo munthu angasankhe zobwerera m'nyumba ndi zotsala kunja. Wofuna kuzira makoma kapena kupaka laimu acite zimenezi opopera asanafike, cifukwa kupaka pambuyo kumakwirira mankhwalawo. Denga lodontha ndi ngalande zikonzedwe Novembala asanafike.

M'dzinja mdani ndi cinyontho. Matumba a ufa ndi masutukesi zikwezedwe pa matabwa kapena pa njerwa, zisakhudze khoma, ndipo mazenera atsegulidwe dzuwa likawala kuti zobvala ndi nsapato zisacite cuku. Udzu wozungulira nyumba uchechedwe. Mu Disembala, masukulu atatseka, ndiyo nthawi yoyesa ana mayunifolomu ndi nsapato, kupatsira ang'ono zimene zathina, ndi kusankha mabuku ofunika m'kalasi lotsatira.

Mutu umodzi susenza denga

Dongosolo lokhala m'mutu mwa munthu mmodzi limadwala tsiku limene iye wadwala. M'mabanja ambiri mtolo wonse umagwera mai ndi mwana wamkazi, amene amafika ku sukulu mocedwa ndi wotopa pamene mlongo wake anadzuka ndi kungosamba. Mnyamata wosadziwa kutsuka poto adzabvutika ku sukulu yogonera komweko ndi m'nyumba yake ya umbeta, ndipo adzalemetsa mkazi wake. Mwana wa zaka zisanu angathe kuika nsapato pamalo pake, wa zaka khumi angathe kusesa ndi kutsuka mbale, ndipo bambo amene amatola zobvala zake ndi kulambula pabwalo amaphunzitsa ana koposa mau. Nchito zilembedwe pa pepala kuseri kwa citseko ndi kusinthana sabata ndi sabata, kuti pasakhale mwana amene cimbudzi cakhala cake mpaka kalekale. Cinthu ciriconse cikhale ndi malo ake odziwika kwa onse, pakuti munthu sangabwezere cinthu pamalo amene sawadziwa.

Padzakhala masabata a maliro, a matenda ndi a alendo pamene zonse zidzasokonezeka. Pamenepo banja ligwire zitatu zokha, madzi akumwa, cimbudzi ndi mbale, ndipo zina ziyambidwenso mtendere ukabwera. Dongosolo likagwa kawiri kapena katatu pamalo amodzimodzi, ndiye kuti pamenepo lathina ndipo lifunika kumasulidwa: nchito isunthidwire tsiku lina, ipatsidwe munthu wina, kapena katundu acepetsedwe. Kubadwa kwa mwana, kusamuka, nchito yatsopano ndi ukalamba zonse zimafuna kuyezanso.

Banja limene lifuna kuyamba lisayambe ndi nyumba yonse, cifukwa milu ikaculuka dzuwa limalowa nchito isanathe, ndipo zonse zimabwerera mmene zinali. Liyambe ndi kabati imodzi kapena pansi pa bedi limodzi pa Ciweru cikudzaci, litsirize, ndipo thumba la zopatsa lituluke pa Sondo. Sabata yotsatira litenge malo ena. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo banja loyamba lero lidzakhala litazungulira nyumba yonse miyezi iwiri kapena itatu isanathe.